Kholo likaba sopo kapena mkaka wamwana m'shopu, chilango chake chizikhala chotani?

Nkhani ya mayi kapena bambo ogwidwa ataba kanthu kakang'ono m'shopu imagawa anthu pawiri nthawi yomweyo. Ena amati wakuba ndi wakuba basi, amenyedwe aone. Ena amati aah ndi njala iyi, asiyeni apite kwa ana. Ndipo mukangano umathera pompo, aliyense akukuwa zake, osafika pa funso lenileni loti kodi chimene chimamugwera munthu uja, kuyambira pakhomo la loja mpaka kumapeto kwake, chikufanana ndi zomwe watenga? Ine ndikuona kuti sichikufanana ngakhale pang'ono, koma vuto siliri kwenikweni m'buku la malamulo ngati mmene ambiri timaganizira, liri m'zinthu zomwe zimachitika munthu asanafike ndi kwa juwizi komwe.

Tiyambe ndi zomwe zimabedwazo. Pitani mukafunse aliyense wogulitsa ku Kwachena, ku Moatize, pa Ulongwe kapena pa Zobwe, kholo likaba siliba wailesi ayi. Ndi sopo, kabotolo ka mafuta ophikira, shuga, matewera, chitini cha mkaka wa mwana, nthawi zina makope ndi bolopeni sukulu ikamatsegulira. Zinthu zolowa m'chitenje kapena pansi pa jekete. Izi sizikutanthauza kuti onse ndi anjala, alipo ena amaba zoti akagulitse, ena amatuma ana dala podziwa kuti mwana sangamangidwe, za amenewo tifikako.

Lamulo lathu la ku Mozambique limati chani? Código Penal, buku la milandu ndi zilango zake, yomwe tikugwiritsa ntchito pano ndi Lei 24/2019, inalowa m'malo mwa ya 2014, ndipo 2014 isanafike dziko lino linkaweruza milandu ndi buku la Apwitikizi la 1886, tangoganizani, zaka pafupifupi 40 titalandira kale ufulu. Lamuloli limasiyanitsa zinthu ziwiri. Pali furto, kutenga chamwini mozemba osakhudza munthu, ndiye pali roubo, kulanda moopseza kapena momenya. Za m'shopu zambiri ndi furto. Chilango cha furto chimakwera potengera mtengo wa chinthucho, ndipo muyezo wake ndi salário mínimo, malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma aja. Gawo lapansi penipeni ndi la katundu wosapitirira malipiro amenewa kakhumi, chilango chake ndi ndende yosapitirira miyezi 6 komanso multa, chindapusa cha ndalama.

Apa mpamene pali kanthu koyamba koti tikaone bwino. Malipiro otsikitsitsa kakhumi ndi ndalama zambiri, ngakhale mutawerengera a asodzi a kapenta ku Cahora Bassa omwe ndi apansi kwambiri, zikudutsabe mametikali 40,000. Ndekuti munthu woba sopo wa 50 ndi munthu woba foni ya 30,000 ali m'gulu limodzi. Lamulo linasiyira juwizi kuti iyeyo ndiye asiyanitse, ndichifukwa chake limati "yosapitirira", silinati aliyense apatsidwe miyezi 6. Juwizi amayenera kuona ngati ndi koyamba, ngati katundu wabwezedwa, ngati munthu wavomera, komanso chomwe chinamukankha. Kuonjezera apo, kuyambira 2014 malamulo athu ali ndi zilango zoti munthu osalowa mndende, monga kulipira multa kapena kugwira ntchito yothandiza anthu, kusesa pachipatala, kulambula msewu, zotero. Papepala zinthu sizinaipe kwenikweni. Munthu woba koyamba paketi ya shuga sayenera kugona ndende ngati zonse zayenda mwa dongosolo.

Koma ndi angati amafika pa dongosolo limenelo ali bwinobwino? Tiyeni tiwerenge zilango zomwe zimagwa m'njira.

Choyamba ndi manja a anthu. Mawu oti "wakuba!" akangomveka pamsika, palibe amafunsa kuti waba chani. Makofi, zibakera, kuvulidwa chitenje, kukolekedwa katundu wobedwayo m'khosi nkumuyendetsa msika wonse, ndipo kawirikawiri mwana ali kumbuyo kapena waima pambali akuonerera. Dziko lino likudziwa komwe zimenezi zimakathera, ku Beira ndi ku Chimoio anthu anaotchedwapo ndi matayala, makamaka cha m'ma 2008 zinafika poipa, ndipo mwa ophedwa mwa njira imeneyi palibe anapatsidwa mpata oyankha. Constituição yathu ya 2004, lamulo lalikulu la dziko, imanena kuti muno mulibe chilango cha imfa, imaletsa kuzunza munthu, imatinso munthu ndi wosalakwa mpaka khoti litagamula. Lamulo limalola aliyense kugwira munthu yemwe wapezeka ali mkati mochita mlandu, koma ntchito yake ndi kumupereka kupolisi mwansanga, osati kumutsekera m'sitolo yakuseri maola ambiri kapena kumumenya. Kumenya wakuba ndi mlandu paokha, nthawi zambiri waukulu kuposa wa sopo uja, kungoti palibe amakadandaula, angayambire pati munthu oti waba.

Chachiwiri ndi foni. Masiku ano munthu asanamenyedwe nkomwe wina wayamba kale kujambula, pofika madzulo kanema ali m'magulu onse a WhatsApp, wa kutchalitchi, wa xitique, wa makolo a kusukulu, wina wamuikanso pa Facebook. Chilango ichi ndi chomwe chimandivuta kwambiri chifukwa chilibe tsiku lothera. Miyezi 6 imatha, kanema satha. Ndipo amene amamusenza kwenikweni ndi mwana wa kalasi yachinayi yemwe mawa lake akalowa m'kalasi anzake onse aona mayi ake akugwada kupempha chifundo.

Chachitatu ndi "tikambirane pompano". Mlonda kapena mwini shopu amanena kuti lipira kasanu, lipira kakhumi, apo bii tikuitanira apolisi. Ndalama imeneyi palibe lamulo lomwe linaikhazikitsa, ilibe lisiti, imangotengera mmene wogwirayo wakwiyira ndi mmene wogwidwayo akuonekera kuti angakwanitse. Abale amathamanga, wina kutumiza pa M-Pesa, wina kukongola katapila, wina kugulitsa nkhuku kapena thumba la chimanga lomwe limayenera kufikitsa banja mu Febuluwale. Ku esquadra, kupolisi, nakonso nkhani ya refresco, kachiphuphu kaja, tonse timaidziwa. Zotsatira zake nzakuti amene ali ndi kangachepe amagona kwake tsiku lomwelo, amene alibiretu, yemwe mwina ndi amene anabadi chifukwa chosowa, ndi amene amalowa m'selo. Chilango chikukula molingana ndi umphawi wa munthu osati kukula kwa mlandu.

Ndiye pali selo yeniyeniyo. Lamulo limati womangidwa akaonekere kwa juwizi pasanathe maola 48, ndipo mu 2013 Conselho Constitucional, bwalo loona ngati malamulo akutsata Constituição, inagamula kuti ndi juwizi yekha angalamule kuti munthu asungidwe mndende podikira mlandu, apolisi ayi. Pali IPAJ, bungwe la boma lopereka oimira milandu ulere kwa osauka, anthu ambiri kumudzi sadziwa nkomwe kuti liliko. Koma wogwidwa Lachisanu madzulo kutali ndi kuboma, ku Chifunde kapena mkati mwa Macanga, komwe khoti lili pamtunda wautali, amadziwa yekha kuti maola 48 aja amatalika bwanji. Chinanso, mlandu umayenda m'Chipwitikizi, mayi wa ku Domwe yemwe sukulu anasiyira kalasi yachitatu amangogwedeza mutu nkudinda chala pa pepala lomwe sanalimve.

Multa nayonso ili ndi msampha wake. Imaoneka ngati chifundo, koma yosalipidwa imatha kusanduka masiku a mndende. Munthu amene analephera kugula mkaka wa mwana, ndalama ya multa ndi ya khoti aitenga kuti? Ndiye amakalowabe mndende muja mwa njira yokhota. Ndende zathu ndi zodzaza kale, zikusunga anthu opitirira kawiri chiwerengero chomwe zinamangidwira, mpaka mu 2020 nthawi ya Covid boma linachita kukhazikitsa lamulo la chikhululukiro nkutulutsa akaidi pafupifupi 5,000, ambiri a milandu ing'onoing'ono. Boma limawononga ndalama zambiri kudyetsa ndi kulondera munthu mwezi umodzi kuposa mtengo wa katundu yemwe anaba, ndipo mwini shopu salandirapo kanthu. Akatuluka, dzina lili pa registo criminal, pepala lomwe makampani ambiri amalifuna munthu akamafunsira ntchito, olo ya ulonda kapena yosesa ku migodi ya ku Moatize.

Tsopano funso lovuta: kodi kukhala kholo kuzichepetsa chilango? Anthu ena amakwiya nazo, amati ndekuti osabereka ndi amene aziona zakuda, obereka azingoba? Funsoli ndi lomveka. Yankho labwino lomwe ndikulidziwa linachokera ku South Africa mu 2007, pa mlandu otchedwa S v M, ndipo analemba chigamulo ndi Albie Sachs, yemwe uja anakhalako ku Maputo nthawi ya apartheid nkuduka mkono ndi bomba lomwe anamutchera m'galimoto mu 1988. Mlanduwo unali wa mayi olera yekha ana aamuna atatu, anapezeka wolakwa pa zachinyengo cha ndalama, osati koyamba. Khoti silinanene kuti mayiyo ndi wosalakwa ayi. Linanena kuti mwana ndi munthu payekha, ali ndi ufulu wakewake, sangamire limodzi ndi kholo lake, ndiye woweruza asanatumize mndende munthu yemwe ndi amene akusamala ana, afufuze kaye kuti anawo atsala ndi ndani, ndipo ngati pali chilango china chokwanira mlanduwo, asankhe chimenecho. Mayi uja anapatsidwa chilango chogwirira kunja, kubweza ndalama ndi kugwira ntchito zothandiza anthu.

Ndekuti nkhani si yokondera kholo, nkhani ndi yoti pali munthu wachitatu yemwe sanabe kanthu. Ife tili nazo kale zimenezi m'malamulo, ndime 47 ya Constituição imati chilichonse chokhudza ana chiziika patsogolo ubwino wa mwanayo, ndipo pangano la maiko a mu Africa la ufulu wa ana, pa ndime 30, limati kwa amayi oyembekezera ndi a ana aang'ono chilango chosakhala cha ndende chiziganiziridwa poyamba. United Nations inanenanso chimodzimodzi mu 2010 m'malamulo otchedwa Bangkok Rules. Kwathu kuno mayi akamangidwa, woyamwa amalowa naye m'selo, otsalawo amagawidwa, wina kwa agogo, wina kwa amalume, wamkulu amasiya sukulu kuti aziphikira ang'ono ake. Dzinja likapeza mayi ali mkati, munda sulimidwa, ndipo njala ya chaka chamawa yayambira pa sopo mmodzi.

Maiko ena anayesa njira zawo. Ku Brazil makhoti ali ndi mfundo yoti kanthu kakachepetsetsa, ndipo panalibe chiwawa kapena chiopsezo kwa anthu, nkhaniyo isatengedwe ngati mlandu woti boma lizitayirapo nthawi, ngakhale kunena zoona osauka akumangidwabe kumeneko chifukwa cha chakudya. Ku Italy mu 2016 khoti lalikulu linamasula bambo wina osowa pokhala yemwe anatenga tchizi ndi masoseji za mayuro 4 ku Genoa, makhoti apansi anali atamupatsa miyezi 6, lalikululo linati munthu otenga pang'ono kuti athetse njala ya nthawi yomweyo sanapalamule. Ku Portugal mu 2013 anasintha lamulo kuti kuba kanthu kotsika mtengo m'shopu nthawi yomwe ili yotsegula, mwini shopu ndi amene aziyendetsa yekha mlandu ndi ndalama zake, cholinga chake masitolo akuluakulu asamadzaze makhoti ndi nkhani za chokoleti. Sindikunena kuti tikopere zonsezi, ya ku Portugal ija kwathu kuno ingangopangitsa eni mashopu kuti azimenya anthu kwambiri poona kuti kukhoti kulibe phindu.

Ndipo mbali ya mwini shopu tisaipeputse, anthu okonda kulankhula za chifundo amalakwitsa pamenepa. Ambiri ogulitsa kuno si makampani a mamiliyoni, ndi mayi wa kabaraka yemwe wakapikula katoni ya sopo ku Tete, walipira chapa, walipira msonkho wa pamsika tsiku ndi tsiku, phindu lake pa sopo mmodzi ndi timakobidi, akabedwa awiri phindu la katoni yonse lapita. Nayenso ali ndi ana. M'mashopu akuluakulu katundu akasowa nthawi zambiri amadula malipiro a mtsikana wa pakauntala kapena mlonda, ndichifukwa chake alonda amachita ukali chonchija, sikuti akuteteza bwana, akuteteza malipiro awo. Anthuwa anaonanso zoopsa kumapeto kwa 2024 pomwe mashopu ambiri m'dziko muno anathyoledwa nthawi ya zionetsero, ena sanatsegulenso mpaka lero. Ndiye kuwauza kuti "angokhululuka" ndi kuwalanga iwowo. Kuba kukhale ndi zotsatira zake ndithu, funso ndi loti zotani ndipo zopindulira ndani.

Apa ndimaona kuti makolo athu anali patsogolo. Kubwalo la amfumu kapena anyakwawa, wakuba chinangwa kapena nkhuku ankabweza, nkuonjezera chindapusa, mwina nkhuku, mwina mbuzi ngati nkhani yakula, abale ake ali pompo, mwini mbumba akuyankhira, ndipo wobedwayo ankabwerera kwake atanyamula kanthu. Ankasiyanitsanso munthu wapaulendo yemwe wathyola nzimbe imodzi nkudyera pompo ndi munthu obwera usiku ndi thumba. Boma linazindikira zimenezi, Lei 4/92 inakhazikitsa makhoti a m'madera, tribunais comunitários, oti aziweruza timilandu ting'onoting'ono moyanjanitsa anthu. Iwowa sangamange munthu, angathe kumudzudzula, kumulipiritsa, kumuuza abweze, kapena kumupatsa ntchito yothandiza mudzi yosapitirira masiku 30. Ali ndi mavuto awo, kukondera kulipo, amayi nthawi zina samveredwa, m'mabairro ena anangotsala dzina. Koma pa nkhani ya botolo la mafuta, secretário wa bairro, mwini shopu ndi abale a wogwidwayo atakhala pansi angathe kumaliza tsiku limodzi zomwe khoti lingatenge miyezi, shopu nkulandira ndalama zake, ana nkugona ndi mayi awo.

Kusiyanitsa kukufunika ndithu. Bambo yemwe watenga paketi imodzi ya ufa chaka cha chilala ngati cha 2024, pomwe El Niño inaotcha minda m'maboma ambiri a Tete, sali chimodzimodzi ndi gulu lomwe limalowa atatu, wina kusokoneza wa pakauntala ena kumalongedza mafuta odzola okagulitsa pa Zobwe. Woba kachinayi sali ngati woba koyamba. Ndipo kholo lomwe limaika katundu m'chikwama cha mwana kapena kumutuma kuti akabe, podziwa kuti osafika zaka 16 saimbidwa mlandu ngati wamkulu, limeneli kwa ine chilango chake chikwere, chifukwa lalakwira shopu komanso lalakwira mwana wake yemwe, apa mfundo ya ubwino wa mwana ija ikumutsutsa m'malo momuteteza. Kukhala ndi ana si chiphaso chobera. Ngakhale njala imene, lamulo limaimvera ngati chifukwa pokhapokha zitaoneka kuti panalibiretu njira ina, osati kungonena pakamwa.

Nanga mwana akaba yekha, makolo nkumulanga? Nkhaniyi ili pafupi kwambiri ndi inzakeyi ndipo muyezo wake ndi omwewo. Mwana watenga bisiketi pabaraka, mayi chifukwa cha manyazi nkumuotcha manja ndi chikuni kapena pulasitiki, zimenezi zimamveka pawailesi kawirikawiri ndipo ndi mlandu waukulu oti kholo lingamangidwe nawo. Kumugwira padzanja, kupita naye kwa mwini baraka, abweze, apepese pamaso, agwire kantchito pakhomo kolipirira zomwe anadya, mwana amakumbukira zimenezo kuposa chipsera.

Chomwe chimandidabwitsa nchakuti ukali wathu umathera pa ang'onoang'ono. Ngongole zobisika za boma zija, madola opitirira 2 biliyoni, zinagwetsa metikali mu 2016 nkukweza mtengo wa sopo ndi mafuta omwe anthu akubawa, mlandu wake unatenga zaka, oimbidwawo anali ndi maloya, anaweruzidwa mu 2022 palibe anawavula malaya pamsika. Sindikunena kuti akanamenyedwa, ndikunena kuti ulemu omwe anapatsidwa iwowo, kumva mlandu, kuyankha, kulandira chilango cholembedwa m'buku, ndi omwenso mayi wa sopo akuyenera kupatsidwa.

Ndiye mukandifunsa kuti chilango choyenera ndi chiti kwa kholo lomwe lagwidwa koyamba ndi kanthu kakang'ono, popanda chiwawa, ndinganene kuti libweze katundu kapena mtengo wake, lionjezere kangachepe kogwirizana ndi mtengowo kapena ligwire ntchito masiku ochepa ngati ndalama palibe, zilembedwe pamaso pa secretário kapena amfumu kuti likadzabwereza pakhale umboni, ndipo ngati kunyumba kulidi njala a zachitukuko cha anthu kapena a INAS, bungwe la boma lothandiza ovutika, adziwitsidwe. Likabwereza nkhani ipite kukhoti, juwizi afunse za ana asanagamule. Amene wamenya, kutsekera munthu m'sitolo kapena kulipiritsa kakhumi nayenso akayankhe mlandu wake kumeneko.